Uthenga wa pa Nsonga za Zala

Zaka zinayi foni yanga inali ndi pakamwa
ngati kondakitala wa pa siteji ya Bangula.
Ndikangoikhudza, yayamba kufuula:
za kuchipatala, za ngongole ya banki m'khonde,
za ndalama zomwe mlongo wanga Zakeyu watumiza ali ku Beira.
Zonse inkazimwaza pabwalo ngati mapira oyanika,
nkhuku za eni n'kumatola.
Pofika kumjigo, a Nyazuze adziwa kale
kuti ndili ndi zikwi zisanu ndi zitatu,
moni wawo n'kukoma kuposa wadzulo.

Ndinayesa timawaya totseka m'makutu tija.
Koma ine makutu ndiwo maso anga.
Wakabaza anandiphonya pang'ono pa msewu wa kujinale,
mphepo yake ndinaimva pachitenje.
Ndinativula.

Ndiye ndinkaitana Dominiko, mwana wa Zakeyu,
wa sitandade sikisi: Tandiwerengera, mwanawe.
Ankawerenga, n'kuima, n'kutsokomola.
Pena ankadumpha ngati wowoloka khwawa,
ine n'kumamva kuti pamenepo panali mawu.

Mu Okutobala, dzuwa litaswa mtengo,
mbuzi zitabisala pansi pa ngolo,
aphunzitsi a Mainato anabwera ndi kanthu m'thumba:
kalamba ka pamkono, ndi kansalu kovala ku zala zitatu.
Uthenga ukafika, timadontho timadzuka
n'kumagogoda pakhungu, kamodzikamodzi.
Zilembo zomwezija ndinaphunzira papepala lolimba ndili kamtsikana,
koma izi zamoyo, zoyenda ngati nyerere zodziwa kwawo.

Uthenga woyamba? Musaseke.
Kampani ya foni inkatsatsa bando yausiku.
Ndinauwerenga katatu.
Dominiko: Azakhali, akuti chiyani?
Ine: Za akuluakulu.
Chinsinsi chopanda pake chimenecho ndinagona nacho
ngati nkhuku yofungatira mwala.

Sikuti kanthuka n'kopanda vuto.
Thukuta la kuno kuchigwa likachuluka, madontho amaterera,
mawu amasanduka ena.
Magetsi akathima masiku awiri kamafa,
ndimakakasiya kwa ometa tsitsi amene ali ndi sola,
n'kubwerera ndi dzanja lamaliseche.

Mu Febuluwale, Shire atayamba kunyambita madimba,
ndinkachokera ku Nchalo pa minibasi,
bondo lili pa thumba la makakana,
khanda la mayi wina likukoka mpango wanga.
Titangodutsa Ngabu, zala zinagogoda.
Nambala ya ku Mozambiki.
Zakeyu watisiya m'mawa uno.

Palibe anamva.
Kondakitala anapitiriza kukangana za chenje.
Wina kumbuyo ankadandaula mtengo wa thonje.
Ine ndinafumbata dzanja, n'kuliika pamimba.

Kuchokera pa Ngabu mpaka pa Bangula
maliro anali anga ndekha.
Ndinali naye mlongo wanga pa njanji ija,
atandigwira pachigongono,
akuwerenga matabwa mokweza kuti ndisaope,
akunama kuti madzi ali pafupi, ofika m'mawondo.
Palibe anandigwira paphewa.
Palibe anati limbani mtima
mtima usanasweke n'komwe.

Ndikudziwa, maliro n'kulirana.
Madzulo ano adzabwera ndi zitenje zawo ndi nkhuni,
ndipo ndidzawafuna, onse, ndi a Nyazuze omwe.
Koma mtunda uja unali wanga.

Ndatsika. Fumbi lanyowa, likununkha mvula yadzulo.
Ndikumva mapazi akuthamanga, opanda nsapato,
ndikuwadziwa.
Chikhala chaka chatha, akanawerenga yekha mwanayu,
mokweza, pakhonde, chala chili pagalasi,
n'kusowa podumpha.

Azakhali, mwandigulira chiyani?
Foni yalira? Akuti chiyani?

Bwera kuno, Dominiko. Tenga ndodoyi.
Yamba wamwa madzi.
Khala apa, pafupi, mutu wako ndiupeze.
Lero wosankha mawu ndine.